Anawapumitsa ntchito "mwachifundo": lipoti la nkhani ya mayi amene maso anayamba kuvuta ali pa ntchito

Nkhaniyi ndikuilemba mwini wake atavomera, dzina lawo sinditchula, kampaninso sinditchula poti pomaliza tinagwirizana choncho, ndingoti ndi kampani ya inshuwalansi yapakatikati, si yaikulu zedi komanso si yoti ingamalire kuti ilibe ndalama. Ine ndi loya, nkhani zambiri zimene ndimagwira ndi za anthu aulumali ku ntchito, ndipo ndikulembera makamaka anzanga amene mwangoyamba kumene ntchito ngati imeneyi kuti muone mmene zimayendera, ndi pamene ine ndinaphonya pomwe, chifukwa ndinaphonya kawiri ndipo kawiri konseko anandikonza ndi mayi omwewo.

Tsiku loyamba anabwera ndi achimwene awo atawagwira pa chigongono. Atakhala pansi ine ndinatembenukira kwa achimwenewo nkufunsa kuti ndiye vuto la mayiwa ndi chani kwenikweni? Mayi aja anangoseka pang'ono nkuti, "A loya, ndili pompano. Makutu ali bwinobwino, ndi maso okha." Manyazi ake inu. Munthu amene ndimaphunzitsa anzanga kuti lankhulani ndi mwini nkhani osati womuperekeza, ndinapanga zomwezo mphindi yoyamba. Kumeneko ndiye kuphonya koyamba.

Zimene zinachitika

Mayiwa anali atagwira ntchito pa kampaniyo zaka zisanu ndi zinayi, ku dipatimenti yolandira malipiro, ntchito yawo inali kulowetsa mu kompyuta ndalama zimene makasitomala apereka, kuyankha mafoni a anthu ofunsa za maakaunti awo, ndi kulemba makalata okumbutsa amene achedwa kulipira. Zaka zinayi m'mbuyomo adokotala anawapeza ndi glaucoma. Kwa amene simukuwadziwa matendawa, nthawi zambiri presha ya m'diso imakwera poti madzi a mkati sakutuluka bwino, ndiye mtsempha umene umatenga zimene diso laona kupita nazo ku ubongo umawonongeka pang'onopang'ono, mankhwala odonthezera amachedwetsa koma chimene chawonongeka sichibwerera. Ndipo amayamba kudya m'mbali, pakati pamatsala, munthu amaona ngati akusuzumira pa paipi. Musaiwale za paipiyi chifukwa ibweranso.

Kwa zaka zingapo sanauze aliyense ku ofesi. Ndinawafunsa kuti bwanji, anati ankadziwa chimene chidzachitike, ndipo chinachitikadi ndiye sindingawatsutse. Sisitimu yakale anali ataiyika pamutu, amadziwa kuti ukadina Tab kanayi wafika pa bokosi la ndalama, kasanu wafika pa deti, manja amangoyenda okha. Vuto linabwera kampani itagula sisitimu yatsopano, yokongola ndithu, zilembo zotuwa pa sikirini yoyera, mabatani opanda mawu ongokhala ndi tizithunzi, zonse zofuna mawusi. Mwezi woyamba analowetsa ndalama pa akaunti yolakwika kawiri, ndalamazo zinabwezedwa palibe anataya kanthu, koma abwana anawaitana ndipo pamenepo ndi pamene anaulula.

Abwanawo anamva chisoni, izi ngakhale mayiwo amavomereza. Sabata yomweyo anawagulira sikirini yaikulu, yaikulu zedi, osawafunsa. Nde ganizani, munthu amene akuona ngati pa paipi mwamupatsa sikirini yotambalala, ndiye kuti azizungulitsa mutu uku ndi uku kusaka pamene pali mawusi, zilembo mukazikulitsa pa paipi paja pamangokwana ziwiri zitatu, zinthu zinangoipiraipira. Abwana anaona ngati ayesetsa koma zakanika. Kenako a HR, oyang'anira za anthu ogwira ntchito pa kampanipo, anawatumiza kwa dokotala ndi kalata yofunsa funso limodzi, ngati mayiwa angathe kuona bwino pa kompyuta. Dokotala anayankha zoona zake, kuti ayi ndipo sizidzasintha. Patapita masabata awiri kalata inatuluka yowapumitsa ntchito pa zifukwa za matenda, mawu ake okoma, kuthokoza zaka zonse, kuti kampani yaganizira umoyo wawo, ndi kandalama kapamwamba. Anawapangira ndi kaphwando komwe.

Chimene chinapulumutsa nkhani yonse ndi ichi, panali pepala lachiwiri loti asaine kuvomereza kuti alandira zonse ndipo sadzadandaulanso. Mkulu wa HR anati, "Mayi musavutike, ndikugwirani dzanja musaine apa." Iwo anakana, anati sindisaina chimene sindinawerenge, ndipatseni ndikawerengetse. Akanasaina bwenzi ntchito yanga itavuta kwambiri.

Mmene ndinaionera pa malamulo

Poyamba penipeni ndinawerengera masiku, chifukwa madandaulo a kuchotsedwa ntchito amakhala ndi nthawi yake yoti ukhale utawapereka ndipo anthu ambiri nkhani zawo zimafera pamenepo, akadali kunyumba kulira nthawi ikutha. Tinali mkati mwa nthawi ndiye tinalembetsa dandaulo kaye kuti khomo lisatsekeke, zokambirana pambuyo.

Malamulo oyendetsera dziko komanso a ntchito amaletsa tsankho chifukwa cha ulumali, zimenezo tinali nazo kale, koma vuto la nkhani ngati iyi ndi loti palibe amene anatukwana, palibe ananena kuti sitifuna osaona pano, aliyense anali wokoma mtima, ndiye ukanena mawu oti tsankho anthu amadabwa ngati ukuwanamizira. Apa ndi pamene pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lija timangoliti CRPD, limathandiza. Linavomerezedwa pa 13 December 2006, linayamba kugwira ntchito pa 3 May 2008, ndipo mayiko opitirira 180 analowamo. Gawo 2 la panganolo limanena kuti kukana kumusinthira munthu zinthu zoyenera kuti athe kuchita nawo mofanana ndi anzake, chimene pa chizungu amati reasonable accommodation, ndi tsankho palokha. Sipafunika mtima woipa. Gawo 27 la za ntchito limatchula mwachindunji anthu amene ulumali wawapeza ali kale pa ntchito, kutanthauza kuti amene analemba panganoli ankadziwa kuti anthu ngati mayiwa ndi amene amatayidwa mwakachetechete.

Wina anena kuti pangano limamanga boma osati kampani, zoona, koma Gawo 4 limalamula boma kuti lithetse tsankho lochitidwa ndi munthu aliyense, bungwe kaya kampani yoti si ya boma, ndiye pamene lamulo la m'dziko langonena kuti tsankho ndi loletsedwa osafotokoza zambiri, timapempha woweruza kuti alitanthauzire motsatira panganolo. Umu ndi mmene ndinakonzera nkhani yathu.

Pali zinthu ziwiri zimene ngakhale maloya amasokoneza ndipo loya wa kampani anazisokonezadi, kaya mwadala kaya ayi. China ndi kukonzeratu malo ndi zipangizo kuti aliyense azitha kugwiritsa ntchito, za mu Gawo 9, monga njira ya njinga za anthu aulumali pa khomo kapena sisitimu yoti wosaona atha kuigwiritsa, izi zimachitika pasadakhale, osadikira kuti wina apemphe, ndipo zimaloledwa kuchitika pang'onopang'ono. China ndi kumusinthira munthu mmodzi uyu, lero, malingana ndi vuto lake, ndipo izi sizidikira mapulani a zaka zisanu. Komiti ya UN yoyang'anira panganoli inafotokoza kusiyana kumeneku mu General Comment nambala 6 ya 2018, ndipo momwemo muli mfundo ziwiri zimene ndinatsamirapo, yoyamba kuti pamafunika kukambirana ndi munthu mwini wake za chimene akufuna, yachiwiri kuti amene akunena kuti kusinthako ndi katundu wolemera mopitirira ndi amene ayenera kuonetsa umboni, osati wodandaula.

Ndiye ndikayang'ana fayilo yonse, funso linali limodzi basi, kodi alipo anawafunsa mayiwa kuti chingakuthandizeni nchiyani? Panalibe. Abwana anagula sikirini osafunsa, a HR anafunsa dokotala funso la maso pamene funso linali la ntchito. Dokotala wa maso amadziwa za presha ya m'diso, za pulogalamu yowerenga sikirini mwina sanaigwirepo nkomwe. Anthu aulumali a ku Britain a gulu la UPIAS ananena zimenezi kale mu 1976, kuti vuto la m'thupi ndi lina ndipo zotchinga zimene anthu amamanga ndi zina, kenako katswiri wina waulumali wa komweko, Mike Oliver, mu 1983 anadzazitcha social model. Ine ndinkaziwerenga ngati za m'kalasi, koma apa zinali poyera, maso omwewo pa sisitimu yakale amagwira ntchito bwinobwino, pa yatsopano akuti ndi wodwala apume. Chinasintha ndi sisitimu.

Umboni, osangodalira mawu

Ndaona nkhani zambiri zikugwa chifukwa loya amangobwereza kuti ali ndi ufulu, ali ndi ufulu, woweruza nkufunsa kuti chabwino nanga ntchitoyo aigwira bwanji, loya kukamwa yasa. Ndiye ndisanalembe kalata iliyonse ndinapempha mnyamata wina wosaona amene amaphunzitsa anzake kompyuta kuti akhale ndi mayiwa. Anawayikira NVDA pa laputopu, pulogalamu imene imawerenga mokweza zimene zili pa sikirini, ndi yaulere, anaiyamba mu 2006 ku Australia ndipo amene anaipanga, Michael Curran ndi James Teh, ndi osaona. Ilipo ina yotchuka, JAWS, koma imeneyo ndi yogula. Anawasinthiranso mitundu kuti sikirini ikhale yakuda zilembo zoyera, ndipo m'malo mokulitsa anachepetsa windo kuti zonse zikwane pa paipi paja.

Sabata yoyamba mayiwa anadana nayo. Anati kaliwu kake kakuwapweteketsa mutu, kakulankhula ngati munthu wopanda mzimu, tsiku lina anavula mahedifoni nkunena kuti mwina a HR aja amanena zoona. Mnyamata uja sanawanyengerere, anangowauza kuti mayi aliyense amadutsa pamenepa, mawa tibwerenso. Chimene chinawathandiza ndi choti kiyibodi anali ataidziwa kale kuchokera zaka zobisala zija, ndiye pofika sabata yachisanu anali akuyenda mu Excel ndi mu imelo, liwu analifulumizitsa mpaka ine ndikamvetsera sindimamva kanthu, iwo akumva zonse. Ndinajambula vidiyo ya mphindi zochepa, akulowetsa mizere ya manambala ongopeka, wina akuwawerengera pa foni ngati kasitomala, osalakwitsa.

Apa ndiye kuphonya kwanga kwachiwiri. Nditalemba kalata yopita ku kampani ndinaisindikiza, kusaina, kuisikana nkuwatumizira kuti aione kaye. Anandiyimbira foni madzulo, "A loya, mwanditumizira chithunzi. Kompyuta ikungoti palibe kanthu." Pepala losikana ndi chithunzi chabe, pulogalamu ilibe choti iwerenge pokhapokha lidutse kaye mu OCR, pulogalamu yosandutsa chithunzi cha zolemba kukhala mawu. Ine amene ndikukasumira kampani kuti siinaganizire za maso awo. Kuchokera tsiku limenelo ku ofesi kwathu chilichonse chopita kwa kasitomala wosaona chimapita cha Word, ndipo timafunsa kaye kuti mukufuna tikutumizireni motani.

Kalata ndi yankho lawo

Kalatayo sinali yaukali. Ndinafotokoza zimene zinachitika motsatana, ndinanena kuti kuwapumitsa osakambirana nawo za kusintha kulikonse ndi tsankho, kenako ndinayika zimene tikupempha, kuti abwerere pa ntchito, aloledwe kuyika NVDA pa kompyuta ya ku ofesi, a IT akhale pansi ndi mnyamata wathu uja ayese sisitimu yatsopanoyo, mapepala olembedwa pamanja azilowetsa wina iwo atenge mafoni ochuluka m'malo mwake, komanso aziloledwa kupita ku chipatala cha maso pa masiku awo osawadula. Ndinapemphanso malipiro a miyezi imene akhala kunyumba.

Yankho linachokera kwa loya wawo, ndipo munthuyo anali atawerenga, ndimupatse ulemu wake. Anatchula nkhani ya ku Sweden imene komiti ya UN inagamula mu 2014, ya mayi wa vuto la maso amene anakanidwa ntchito ku bungwe la boma la za inshuwalansi poti kusintha makompyuta awo kukanadya ndalama zambiri, khoti la za ntchito la ku Sweden linagwirizana ndi bungwelo ndipo komiti sinapeze kuti pangano laphwanyidwa. Ndiye akuti onani, ngakhale a UN amavomereza kuti sisitimu siingasinthidwe chifukwa cha munthu mmodzi. Anawonjezera kuti kukonza sisitimu ndi za pang'onopang'ono, kuti ndalama za makasitomala zili pa chiopsezo, komanso kuti pulogalamu zaulere saloleza pa makompyuta awo chifukwa cha chitetezo.

Nkhani ya ku Sweden ija ndi yoona ndipo anzanga musamaibise, mukaibisa wina adzakutulutsirani pa tebulo. Koma mukaiwerenga bwino, kumeneko anthu anakhala pansi nkuwerengera kuti kusinthako kufuna chani ndipo kudya zingati, khoti linaona umboni. Kwathu kuno panalibe ngakhale kapepala kamodzi kosonyeza kuti wina anafunsa mtengo wa chilichonse. Ndinawayankha ndi nkhani ina ya 2019 ya ku Spain, ya wapolisi wa mzinda wa Barcelona amene anavulala pa ngozi ya pamsewu nkukakamizidwa kupuma ntchito osamuyesa ngati angagwire ntchito ina yopepuka m'polisi momwemo, komiti inati kumeneko ndi tsankho. Imeneyo ndiye imafanana ndi yathu, munthu ali kale mkati, mwamutulutsa osayesa. Ndikudziwa kuti zigamulo za komitiyi sizili ngati za khoti zoti mungatumize anthu kukalanda katundu, ndipo kuti munthu akafike kumeneko dziko lake liyenera kukhala litavomera pangano lina lowonjezera lolola munthu kukadandaula ku komitiyo komanso atamaliza makhoti onse a kwawo, koma pokambirana zimalemera ndithu.

Kunyumba

Gawo ili silili m'malamulo koma linatsala pang'ono kugwetsa nkhani. Pamene ife tikulemberana makalata, kunyumba anthu anali akuwauza mayiwa kuti alandire ndalamazo apume. Achimwene awo omwe aja anabwera okha ku ofesi kwanga nkundiuza kuti, "A loya, inu mukumuvutitsa mlongo wangayu. Munthu saona, akadzagundidwa ndi galimoto popita kuntchitoko mudzayankha ndinu?" Sanali munthu woipa, ndi amene amawaperekeza ku chipatala nthawi zonse, koma m'mutu mwake munthu wosaona malo ake ndi pakhomo, ena azimusamala. Amuna awo nawo amati anthu aziti chani, kuti ndikulephera kudyetsa mkazi wanga mpaka akukakamira ntchito ali choncho. Ngakhale anzawo a ku ofesi amawatumizira mauthenga oti Mulungu akudziwa, pumani.

Ndinawauza achimwenewo kuti sindingakambe nawo za nkhani ya mlongo wawo iwo palibe, ndipo ndinawayimbira mayiwo kuwauza kuti kwabwera alendo. Tinakumana tonse atatu. Ndinafotokoza poyera kuti akafuna kulandira ndalama ndi ufulu wawo ndipo ndiwathandiza kukambirana kuti ikwere, sindikufuna kuwagwiritsa ntchito ngati chitsanzo cha nkhondo yanga, izi ndimazinena kwa kasitomala aliyense chifukwa ife a ntchito imeneyi nthawi zina timakonda nkhani kuposa munthu. Anakhala chete kanthawi nkuti, "Achimwene, ndalama imeneyi itha chaka chisanathe. Ikatha ndizidzapempha inu ya mankhwala a m'maso mwezi ndi mwezi mpaka kufa? Ndili ndi zaka 41." Achimwene aja sanayankhe. Za msewu zija tinazitenga ngati nkhani yeniyeni, sitinaziponye kumbali, tinapeza wowaphunzitsa kuyenda ndi ndodo yoyera, ngakhale ndodoyo inakhala m'chikwama mwezi wathunthu asanayambe kuitulutsa pagulu, amati ikangotuluka ndiye kuti aliyense wadziwa.

A World Health Organization amati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni pa dziko lonse ali ndi ulumali waukulu, munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi aliwonse, ndipo ambiri sanabadwe nawo, unawapeza panjira ngati mayiwa. Ndinawauza achimwene aja nambala imeneyi poganiza kuti iwagwira mtima, anangoti ehe, ndiye onsewo ali pa ntchito? Ndinasowa chonena.

Tsiku lokambirana

Tinagwirizana zoyamba ndi mkhalapakati tisanapite kutsogolo. Mbali yawo kunabwera mkulu wa HR, loya, abwana aja ndi mnyamata wa IT amene amaoneka kuti sakudziwa chimene amuitanira. Ola loyamba linapita ndi mawu, a HR akubwereza kuti tinachita zonsezi pomuganizira, ndipo ndikukhulupirira amanena kuchokera pansi pa mtima. Mpaka anafunsa ine kuti kodi mayiwa angakonde madzi, mayiwo ali pambali panga.

Ndinapempha kuti m'malo mwa vidiyo achite pamaso pawo. Anatsegula laputopu, kuchotsa mahedifoni kuti onse amve, abwana aja ndinawapatsa pepala la manambala kuti aziwerenga ngati kasitomala. Mizere khumi, onse olondola, ndipo pa mzere wina abwanawo ndi amene anawerenga molakwika, mayiwo nkuwafunsa kuti bwana mwati 68 kapena 86, poti nambala ya akaunti yaperewera. M'chipindamo munangoti zii. Amene anayamba kulankhula ndi wa IT uja, anasendeza mpando kufunsa kuti pulogalamuyi imatha kuyenda osalumikiza pa intaneti? Atamva kuti eya, ndiponso kuti mmene inapangidwira zili poyera aliyense atha kuziunika, nkhani ya chitetezo ija inafera pomwepo, anati angoyenera kuiyesa kaye nkulemba lipoti.

Koma sindikunamizani kuti zonse zinayenda. Titayesa pa sisitimu yawo yeniyeni sabata yotsatira, mbali zina zinali bwino koma tsamba lolowetsera malipiro, lomwe ndi mtima wa ntchitoyo, NVDA imangoti batani, batani, batani, osanena kuti ndi la chani, chifukwa amene anapanga sisitimuyo sanalembe mayina kuseri kwa tizithunzi tija. Zimenezi zili mu malangizo a WCAG amene opanga mawebusayiti amayenera kutsata, ndi ntchito yaing'ono kwa amene ali ndi makiyi a sisitimuyo, koma makiyiwo ali ndi kampani ina yakunja imene inawagulitsa. Apa loya wawo anali ndi mfundo yeniyeni ndipo ndinavomera kuti sitingawakakamize kukonza mawa chinthu chimene si chawo. Chimene ndinakana ndi choti poti tsamba limodzi lavuta ndiye ntchito yonse yatha.

Zimene tinagwirizana

Mayiwa anabwerera pa giredi yawo yomweyo ndi malipiro omwewo. Ntchito inagawidwa mwatsopano, iwo anatenga mafoni onse a dipatimentiyo, maimelo ndi makalata okumbutsa, komanso kuyanjanitsa manambala mu Excel, pamene kulowetsa malipiro pa tsamba lovuta lija ndi mapepala a pamanja zinapita kwa mnzawo. Kampani inalonjeza polemba kuti ilembera ogulitsa sisitimu kupempha kuti akonze mabataniwo, ndipo kuti ikamadzagulanso pulogalamu ina izidzafunsa kaye ngati wosaona angaigwiritse. Sikirini yaikulu ija inapita kwa wina, iwo anabwezeredwa yaing'ono. Malipiro a miyezi imene anakhala kunyumba tinapeza theka lokha, ine ndimafuna kulimbikira koma mayiwo anati zisiyeni, ndikufuna ndikalowe mu ofesi muja anthu asakundiyang'ana ngati ndawalanda. Kampani sinavomere polemba kuti inachita tsankho, izi zimachitika pafupifupi nthawi zonse mukagwirizana kunja kwa khoti, ndipo kuipa kwake ndi koti palibe chigamulo chimene munthu wina wa vuto lomweli angadzagwiritse ntchito. Zimandiwawa koma nkhani ndi ya mwini wake.

Anafuna kuyikamo miyezi itatu yoyeserera, ndinakana mawu amenewo chifukwa munthu wa zaka zisanu ndi zinayi pa ntchito sayesedwa ngati wachilendo, tinasintha kuti pakatha miyezi itatu tidzaunike ngati zosinthazo zikugwira, kuunika zipangizo osati munthu. Zikuoneka ngati kusewera ndi mawu koma tsiku lina zikadzavuta kusiyana kwake kudzaoneka.

Mmene zilili pano

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Kuunika kuja kunadutsa bwino. Vuto limene sindinaliganizire ndi mnzawo amene anapatsidwa zolowetsa malipiro uja, palibe anamufunsa nayenso, anangouzidwa Lolemba m'mawa, ndiye kwa kanthawi amayankhula mokhadzula, kunena kuti ena akulandira zofanana koma ntchito yolemera ili kwa ife. Ndikanadziwa ndikanapempha kuti akhale nawo pogawa ntchitoyo, poti kwenikweni mafoni amene anamuchotsera ndi amene iye ankadana nawo kale, zinangofunika wina amuonetse. Pano akuti zaphwa, ngakhale mayiwo amati moni wake akadali wa pakamwa chabe.

Pali tizinthu tina timene pepala logwirizana silingagwire. Zidziwitso za ku ofesi amamatabe pa bolodi, miting'i ina anaiphonya chifukwa cha zimenezo. Anthu amasuntha mipando osabweza, anagundapo bondo kawiri. Wina anawagwira dzanja mwadzidzidzi pa masitepe kufuna kuthandiza, anatsala pang'ono kugwa onse awiri. Izi akuthana nazo okha, ndipo anandiuza kuti ndisalembe kalata ina, akufuna aziwauza okha mmodzimmodzi.

Ogulitsa sisitimu aja anayankha kamodzi kuti pempholo alilandira ndipo aliyika pa mndandanda. Sabata yatha ndinawayimbira mayiwo kufunsa ngati pasintha kanthu, anayika foni pafupi ndi sipika ya kompyuta kuti ndimve ndekha, kaliwu kaja kakuti batani, batani, batani. Fayilo sindinaitseke, ndalemba pa kalendala kuti mwezi wamawa ndikumbutse a HR za kalata yachiwiri yopita kwa ogulitsawo.